Njerwa za Bazalgette ndi Mvula ya Lero

M'chaka cha 1859 mu mzinda wa London mudayambika ntchito ziwiri zimene panthawiyo palibe akadaganiza kuti zili pachibale. Yoyamba idali yaphokoso, ya amuna zikwizikwi a mafosholo, mapiki ndi mawilibala, yokumba ngalande zikuluzikulu zapansi pa nthaka zochotsera zonyansa za mumzindamo, ndipo woyang'anira wake adali injiniya Joseph Bazalgette. Yachiwiri idali yakachetechete, ya katswiri wa sayansi John Tyndall ku Royal Institution, amene ankalowetsa mipweya yosiyanasiyana m'chubu chachitali kuti aone ngati kutentha kungadutsemo. Iyeyu adapeza kuti nthunzi ya madzi ndiponso mpweya wa carbon dioxide, uja umatuluka tikatentha malasha, zimagwira kutentha osakulola kupitirira. Mayi wina wa ku America, Eunice Foote, adali ataonapo kale zofananazo mu 1856, koma anthu sadamulabadire. Ntchito ya Bazalgette ndiyo idatchuka, ndipo kutchukako kudali koyenera. Koma lero, patapita zaka zoposa 160, zimene adapeza Tyndall m'chubu muja ndizo zasanduka mutu waukulu kwa osamalira njerwa za Bazalgette.

Kuti timvetse bwino nkhaniyi tiyenera kudziwa poyamba kuti ngalande zakale za London sizidali za zonyansa ayi, zidali za madzi a mvula. Zambiri mwa izo zidali timitsinje tachilengedwe, monga Fleet, Tyburn, Walbrook ndi Effra, timene tinkatsetsereka kuchokera kumitunda kukathira mu Thames, ndipo mzinda utakula anthu adativundikira ndi njerwa n'kumanga misewu pamwamba pake. Kufikira chaka cha 1815 kudali kuphwanya lamulo kuthira zotuluka m'nyumba m'ngalande zimenezi. Zonyansa zinkagwera m'maenje okumbidwa pansi pa nyumba kapena kuseri kwake, okwana pafupifupi 200,000 mumzinda wonsewo, ndipo padali amuna a ntchito yokapa maenjewo usiku n'kukagulitsa kwa alimi ngati manyowa. Dongosolo limeneli lidali lonunkha ndithu, koma lidali ndi nzeru yake: mvula idali ndi njira yake, chimbudzi chidalinso ndi yake.

Tsono anthu adachuluka. Mu 1801 adalipo pafupifupi 1 miliyoni, pofika 1851 adali atapitirira 2 miliyoni. Minda idayamba kutalikira, ngolo za manyowa zidayamba kudula, ndipo m'zaka za m'ma 1840 alimi adapeza manyowa ena abwinopo, zitosi za mbalame zochokera ku South America, kotero kuti malonda a okapa maenje aja adalowa pansi. Pa nthawi yomweyo m'nyumba za olemera mudalowa chimbudzi chamadzi. Pa chionetsero chachikulu cha mu 1851 ku Hyde Park anthu oposa 800,000 adalipira kobiri aliyense kuti alowe m'zimbudzi zotere, zimene adaika George Jennings, ndipo ambiri adapita kwawo akuzisirira. Koma chimbudzi chamadzi chimadzaza dzenje msanga, dzenje n'kusefukira m'nyumba. Akuluakulu a zaumoyo a nthawiyo, makamaka Edwin Chadwick, ankakhulupirira kuti matenda amayenda ndi fungo loipa, choncho kwa iwo chofunika chidali kuchotsa fungolo pafupi ndi anthu msanga. Bungwe loyang'anira ngalande limene lidakhazikitsidwa mu 1848 lidalimbikira kuti maenje atsekedwe ndipo nyumba zilumikizidwe ku ngalande za mvula zija. Apa ndipo padachitikira ukwati wa mvula ndi chimbudzi, ukwati umene London walephera kuuthetsa mpaka lero.

Zotsatira zake n'zosavuta kuziganizira, pakuti ngalandezo zinkathira mu Thames, ndipo makampani ena ogulitsa madzi akumwa ankatunga mu Thames momwemo. Kolera adapha anthu oposa 6,000 mu London m'zaka za 1831 ndi 1832, oposa 14,000 mu 1848 ndi 1849, ndi oposa 10,000 mu 1853 ndi 1854. Ife amene tidaona kolera wa kuno kwathu wa 2022 ndi 2023 sitifunika kuuzidwa kuti manambala otere amaoneka bwanji pakhomo. Dokotala John Snow adaonetsa mu 1854 kuti odwala a m'dera la Soho ankamwa pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, koma ambiri sadamukhulupirire, ndipo adamwalira mu Juni 1858 mfundo yake isadalandiridwe.

Chimene mitembo idalephera kuchita, fungo lidachita. Chilimwe cha 1858 chidatentha kwambiri, madzi a Thames adachepa, ndipo matope a zonyansa a m'mphepete mwake adayamba kuwira padzuwa. Nyumba ya Malamulo ili m'mbali mwenimweni mwa mtsinjewo. Adayesa kuviika makatani a m'mawindo mu mankhwala a laimu koma sizidathandize, ndipo nyuzi zidasimba za nduna ya zachuma, Benjamin Disraeli, ikuthawa m'chipinda cha msonkhano itatseka mphuno ndi kansalu. Aphungu amene adakhala akukangana zaka zambiri za amene adzalipire adagwirizana m'masiku 18 okha. Pa 2 Ogasiti 1858 lamulo lidakhazikika lopatsa bungwe la Metropolitan Board of Works mphamvu yokongola mapaundi 3 miliyoni.

Nzeru ya Bazalgette, injiniya wamkulu wa bungwelo, idali yapafupi kuimva. Ngalande zakale zinkatsika kulunjika kumtsinje. Iye adakumba zatsopano zoyenda motsatana ndi mtsinjewo, kumpoto ndi kumwera kwake, zodutsa zakalezo mopingasa n'kulanda katundu wake asadafike mu Thames, kenaka n'kupita naye kummawa, kunja kwa mzinda, ku Beckton ndi ku Crossness. Zikuluzikuluzi zidatalika mamailosi 82, za m'misewu zothiramo mamailosi 1,100, ndipo padalowa njerwa zoposa 300 miliyoni zomangidwa ndi simenti ya Portland, imene panthawiyo idali isadazolowereke, kotero kuti iye adalamula kuti iziyesedwa mphamvu isadagwiritsidwe ntchito. Pamene malo adali otsika adaikapo makina a nthunzi okweza madziwo, ndipo makinawo ankadya malasha.

Apa ndiyenera kupatuka pang'ono chifukwa cha ife a kumtunda kuno, amene nyanja yathu sidziwa khalidwe limeneli. Thames wa mu London amamvera nyanja yamchere. Kawiri pa tsiku madzi a m'nyanjamo amakwera n'kukankhira mtsinje m'mbuyo, ndipo kawiri amaphwera. Kusiyana kwake pakati pa mzinda kumafika mamita 6 kapena 7. Choncho ku Beckton ndi ku Crossness zonyansa ankazisunga m'madamu ovundikira, n'kuzitsegulira madzi akayamba kubwerera kunyanja kuti apite nazo. Musaiwale za kukwera ndi kuphwera kumeneku, tibwererako.

Funso lovuta koposa lidali la mvula, ndipo ndi pamene pagona nkhani yathu. Zotuluka m'nyumba n'zosavuta kuwerengera: udziwe chiwerengero cha anthu ndi madzi amene munthu mmodzi amataya pa tsiku, basi. Bazalgette adawerengera mooloka manja, kuti ngalande zake zidzakwanire anthu pafupifupi 4 miliyoni. Koma mvula ilibe ulemu wotere. Mvula yamkuntho ya ola limodzi ikhoza kuthira m'ngalande madzi oposa kutalitali zonyansa za tsiku lonse. Adalipo anthu amene ankati mvula ipatsidwe mapaipi akeake opita kumtsinje, zonyansa zipatsidwenso ake opita kuminda, koma kutero kukadafuna kukumba msewu uliwonse kawiri ndi kulowa m'nyumba iliyonse kukamasula zimene zidali zitalumikizidwa kale. Kumanga ngalande zoti n'kumeza mvula ina iliyonse nakonso kukadafuna ndalama zimene palibe akadavomera. Tsono iye adatenga mabuku m'mene munkalembedwa mvula ya London, nawaphunzira, ndi kusankha muyeso wa kota ya inchi, ndiye kuti mamilimita 6 ndi pang'ono. Mvula yosapitirira pamenepo ngalande ziinyamule. Yoposa pamenepo idumphe timakoma tatifupi timene adamanga m'kati mwa ngalandezo, itsate njira zakale zija ndi kukagwera mu Thames pamodzi ndi zonyansa zimene yasakanikirana nazo. Adadziwa kuti kuli bwino zonyansa zosungunuka ndi mvula zipite kumtsinje masiku owerengeka pa chaka kusiyana ndi kuti zibwerere m'nyumba za anthu.

Ine sindiona cholakwa pa chiganizo chimenechi. Adasankha monga munthu wanzeru akadasankhira ndi zimene zidali pamaso pake. Chimene ndifuna owerenga aone ndi chakuti muyesowo udachokera m'mabuku a mvula yakale. Injiniya wa ngalande ndi wolemba mbiri mnzathu, kungoti iye mbiri yake amailemba ndi njerwa: amafunsa kuti kodi mvula idagwa bwanji m'zaka zapitazo, n'kukhulupirira kuti idzagwanso chimodzimodzi.

Ntchitoyo idapindula. Kolera adabweranso kamodzi kokha, mu 1866, napha anthu oposa 5,000, makamaka kummawa kwa mzinda kumene ngalande zatsopano zidali zisadayambe kugwira ntchito. Za kumathero kwa ngalande zidakonzedwa pang'onopang'ono, makamaka itachitika ngozi ya mu Sepitembala 1878, pamene sitima yapamadzi ya Princess Alice idamira pafupi ndi pothirira zonyansa ndipo anthu oposa 600 adafa m'madzi oipawo. Kuyambira 1887 matope a zonyansa ankawatenga pa sitima kukataya kunyanja, mpaka mu 1998.

Koma timakoma tija tidatsala momwemo, ndipo mzinda udapitirira kukula mpaka lero uli ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni. Madambo ndi minda imene inkamwa mvula idasanduka madenga, phula ndi konkire; ngakhale timabwalo ta maluwa ta kumaso kwa nyumba eni ake ambiri adatiwaka kuti apeze poimika galimoto. Ngalande zidayamba kukhala zodzaza ngakhale kunja kuli ng'aa, kotero kuti pofika zaka za m'ma 2000 mvula ya mamilimita 2 okha inkatha kuzisefukiritsa. Malo otayira oposa 50 a m'mbali mwa Thames ankatseguka pafupifupi sabata iliyonse, ndipo pa chaka pankagwera matani pafupifupi 39 miliyoni a madzi osakanikirana ndi zonyansa. Pa 3 Ogasiti 2004 mvula ya tsiku limodzi idathira mumtsinjemo matani oposa 600,000, nsomba zikwizikwi n'kuyandama zitafa. Mu 2012 khoti la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya lidagamula kuti Britain akuphwanya malamulo a madzi oipa. Zonsezi, kunena zoona, sitingazikankhire pa kusintha kwa nyengo. Ndi zipatso za kuchuluka kwa anthu ndi konkire. Ndiponso mvula yoopsa siidayambe lero: pa 14 Ogasiti 1975 ku Hampstead kudagwa mamilimita pafupifupi 170 m'maola osakwana atatu. Amene amati chigumula chilichonse ndi kusintha kwa nyengo amaipitsa mlandu wabwino.

Nanga kusintha kwa nyengo kukuwonjezerapo chiyani? Pamene Bazalgette ankakumba, mwa magawo 1 miliyoni a mpweya wa m'mlengalenga, a carbon dioxide adali osafika 290. Lero apitirira 420, ndipo dziko latentherapo ndi digiri yoposa imodzi ya Celsius. Mpweya wofunda umasenza nthunzi yambiri: digiri imodzi iliyonse imawonjezera magawo pafupifupi 7 pa 100. Lamulo limeneli si latsopano, lidachokera ku ntchito ya Clapeyron ya mu 1834 ndi ya Clausius ya mu 1850, Bazalgette ali moyo. Tanthauzo lake kwa ngalande ndi lakuti mtambo ukang'ambika umakhuthula madzi ambiri m'nthawi yochepa. Pajatu ngalande siiopa mvula ya chaka chonse. London amalandira mamilimita pafupifupi 600 pa chaka, yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya ku Zomba kapena ku Blantyre. Chimene ngalande imaopa ndi mvula ya ola limodzi.

Masiku ano ku Britain ngalande zatsopano amazimanga kuti zipirire mvula imene amaitcha ya kamodzi pa zaka 30. Mawuwa amasocheretsa. Satanthauza kuti ikagwa chaka chino ndiye kuti tipuma zaka 29. Atanthauza kuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi mwa 30 wakuti igwe. Ndipo mwayi umenewo amauwerengera kuchokera m'mabuku a mvula yakale, monga momwe adachitira Bazalgette. Tsono ngati mlengalenga wa lero si uja adagwetsa mvula yolembedwa m'mabukumo, mvula imene buku likuti ndi ya kamodzi pa zaka 30 idzayamba kubwera kawirikawiri, ndipo ngalande imene idali yokwanira pa tsiku loitsegulira idzapezeka yaing'ono popanda njerwa ndi imodzi yomwe yosunthika. N'chifukwa chake akatswiri a kumeneko tsopano amawonjezera gawo lina pamwamba pa zimene mabuku akunena. Koma gawolo limathandiza pa zomanga zatsopano. Zimene zili kale pansi pa misewu sizikula.

Mwezi wa Julayi 2021 udaonetsa zimenezi poyera. Pa 12 mvula yamabingu idagwa kumadzulo kwa mzinda, ndipo m'madera ena mudagwa m'maola awiri mvula yoposa ya mwezi wonse. Pa 25 idabwerezanso, makamaka kummawa ndi kumpoto. Masiteshoni a sitima zapansi adatsekedwa, zipatala za Whipps Cross ndi Newham zidapempha odwala kuti apite kwina, ndipo nyumba zoposa 1,000 zidalowa madzi. Madziwo sadachokere kumtsinje. Ambiri adatumphuka pansi, m'zimbudzi ndi m'mabafa, akuda bii, chifukwa ngalande zitadzaza adafuna potulukira pena paliponse potsika. Ku London kuli nyumba zambiri zokhala ndi zipinda zapansi, zotsika kuposa msewu, ndipo ngakhale zina ndi za anthu olemera, zambiri ndi za lendi yotsikirapo, mokhala okalamba ndi opeza mochepa. Izi zidakumbutsa za mu Januwale 1928, pamene Thames adasefukira usiku ndipo anthu 14 adafa, ambiri a iwo m'zipinda zapansi zomwezi.

Tibwerere tsopano ku kukwera kwa nyanja kuja. Pakamwa pa ngalande zotayira mumtsinje pali zitseko zachitsulo zolendewera, zimene zimatseguka madzi akakankha kuchokera m'kati, n'kutsekeka mtsinje ukakwera kuti usalowe mumzinda. Mvula yamkuntho ikakumana ndi nthawi ya kukwera kwa madzi, zitsekozo zimakanika kutseguka bwino ndipo ngalande imasowa kotayira. Akatswiri amene adafufuza za Julayi 2021 adapeza kuti choyambitsa chachikulu chidali kukula kwa mvulayo, koma kuti kukwera kwa mtsinje kudawonjezera vutolo. Tsono nyanja zamchere zakwera ndi masentimita pafupifupi 20 chiyambire 1900, zikukwerabe mofulumirirapo, ndiponso nthaka ya kumwera chakummawa kwa England ikutsika pang'onopang'ono. Ndiye kuti maola amene zitseko zija zimakhala zotsekeka akunka nachuluka. Mpanda wa zitseko zikuluzikulu wa Thames Barrier, umene udayamba ntchito mu 1982 potsatira chigumula cha m'nyanja cha 1953, udatsekedwa kanayi kokha m'zaka za m'ma 1980, koma m'nyengo yozizira imodzi ya 2013 mpaka 2014 udatsekedwa ka 50. Ngalande za Bazalgette zapanikizika mbali ziwiri: kumwamba madzi akulowa ambiri, kumunsi khomo likuchedwa kutseguka.

Yankho la London lidali kukumbanso. Kuyambira 2016 adaboola ngalande ya Thames Tideway, yotalika makilomita 25, yotakata mamita 7.2, yoyenda pansi pa mtsinje weniweniwo kuchokera ku Acton kukafika ku Abbey Mills, kumene imalumikizana ndi ina yopita ku Beckton. Ntchito yake ndi kulandira zimene zadumpha timakoma tija, kuzisunga mpaka mvula itakata, kenaka n'kuzipopera koyeretsera. Idadya mapaundi oposa 4 biliyoni, olipidwa kudzera m'mabilu a madzi, ndipo Mfumu Charles idaitsegulira mu Meyi 2025. Ndi ntchito yogometsa, ndipo nsomba za mu Thames zikadakhala ndi pakamwa polankhulira zikadathokoza. Koma tiyenera kuitchula dzina lake lenileni: ndi nkhokwe yaikulu yoteteza mtsinje. Ndi nzeru yomwe ija ya 1859 ya kulanda katundu asadafike mu Thames, yongoikidwa pansi kwambiri. Mayi wokhala m'chipinda chapansi ku Kilburn, mtunda wautali kuchokera kumtsinje, madzi amamulowera chifukwa paipi ya mumsewu mwake yadzaza mvula isadafike n'komwe ku ngalande yatsopanoyo.

Njira yotsalayo ndi yosatchuka, chifukwa ilibe tsiku loti mfumu idzadule riboni: kuletsa mvula kulowa m'ngalande poyamba pomwe, pogumula konkire, kukumba timaenje ta maluwa m'mbali mwa misewu, kuyala miyala yolola madzi kulowa pansi ndi kusunga madzi a padenga m'mathanki. Kumeneku ndi kuyesa kumasula pang'onopang'ono ukwati uja wa 1848. Lamulo la mu 2010 lidali ndi gawo lokakamiza omanga nyumba zatsopano kuchita zotere. Ku Wales gawolo lidayamba kugwira ntchito mu 2019, koma ku England kudafika chaka cha 2023 boma likadalonjezabe. Vuto lina n'lakuti madzi a mumsewu umodzi ali ndi eni ambiri. Ngalande ndi za kampani ya Thames Water, imene idagulitsidwa kwa anthu wamba mu 1989 ndipo pofika 2024 idali ndi ngongole yoposa mapaundi 15 biliyoni; misewu ndi timabowo take tolowera madzi ndi za makhonsolo oposa 30 ndi bungwe la zamtengatenga; mtsinje uli m'manja mwa bungwe la boma loona zachilengedwe; ndipo bwalo la kumaso kwa nyumba ndi la mwini nyumba.

Pakadali pano m'madera monga Kensington ndi Hammersmith nyumba zambiri za zipinda zapansi adaziikira timapampu ndi tizitseko toletsa madzi a m'ngalande kubwerera m'chimbudzi. Timagwira ntchito bwino ndithu pa nyumba imene tayikidwapo. Koma madzi amene akanizidwa pa nyumba imeneyo sabwerera kumitambo. Amayenda m'paipi momwemo mpaka atapeza potsika pena, kaya pamsewu, kaya m'bafa la nyumba yoyandikana nayo imene sidaikidwe kachitseko.